Kadyetsedwe ka nkhuku zoikira mazira pakhomo

Kadyetsedwe ka nkhuku zoikira mazira pakhomo ndi njira zimene anthu oweta nkhuku zochepa, kuyambira zisanu mpaka makumi angapo, amatsata popatsa nkhukuzo chakudya ndi madzi kuti ziziikira mazira chaka chonse. Ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mabanja ambiri akumudzi ali ndi nkhuku, ndipo m'matauni anthu ena amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Mazira ndi ndiwo, komanso amagulitsidwa kuti banja lipeze ndalama ya sopo, mchere kapena makope a ana asukulu.

Thupi la nkhuku yoikira limafuna zakudya zofanana tsiku lililonse, koma zimene nkhuku imatola pabwalo zimasintha ndi nyengo. M'dzinja tizilombo ndi masamba zimachuluka pamene chimanga chasowa. M'masika chimanga ndi madeya zimachuluka pamene tizilombo tayamba kutha. M'malimwe pafupifupi zonse zimachepa, ngakhale madzi amene. Choncho ntchito ya woweta ndi kudziwa chimene nyengo iliyonse yasowetsa n'kuwonjezera chomwecho. Nkhuku ikaperewera chakudya siyamba n'kufa ayi, imayamba yasiya kuikira.

Mitundu ya nkhuku ndi kaikiridwe kake

Pakhomo pamapezeka magulu atatu a nkhuku zoikira, ndipo kadyetsedwe kake kamasiyana.

Nkhuku zachikuda, zimene ena amati zalokolo, ndizo zofala kwambiri. Zimayamba kuikira zikatha miyezi 6 kapena 7. Thadzi limaikira mazira 10 mpaka 15, kenaka limafungatira masiku 21 ndi kulera anapiye. Limachita zimenezi katatu kapena kanayi pachaka, motero mazira ake onse amakhala pakati pa 40 ndi 60. Nkhukuzi zimadziwa kudzifunira chakudya ndipo zimapirira njala.

Nkhuku za Mikolongwe ndi zakuda, zazikulu thupi, za mtundu wa Black Australorp umene unachokera ku Australia. Dzinali linabwera chifukwa cha malo a boma osamalira ziweto a Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kumene nkhukuzi zakhala zikuswetsedwa ndi kugulitsidwa kwa alimi. Zikamadya bwino zimatha kuikira mazira pafupifupi 200 pachaka, koma zikangosiyidwa kuti zizidzifunira zokha, kaikiridwe kake kamatsika kwambiri.

Gulu lachitatu ndi nkhuku za haibulidi monga Hy-Line ndi Lohmann, zimene zimawetedwa m'khola. Zimayamba kuikira pa milungu 18 mpaka 20 ndipo zimafika mazira 280 mpaka 300 pachaka. Kawirikawiri sizifungatira. Sizingadalire zotola pabwalo, choncho chakudya chake chonse chimachokera kwa woweta.

Thadzi limaikira ngakhale palibe tambala. Tambala amafunika pokhapokha ngati woweta akufuna mazira oti aswe anapiye.

Zimene nkhuku yoikira imafuna

Nkhuku ya haibulidi imene ikuikira imadya magalamu 110 mpaka 120 a chakudya chouma patsiku. Nkhuku yachikuda, poti ndi yaing'ono ndipo siikira tsiku ndi tsiku, imadya mocheperako. Koma kukhuta pakokha sikokwanira. M'chakudyacho muyenera kupezeka zinthu zingapo.

Zopatsa mphamvu zimachokera ku chimanga, madeya, mapira, mawere, mchewere, madeya a mpunga ndi makaka. Izi ndizo zimatenga gawo lalikulu la chakudya, pafupifupi magawo awiri mwa atatu.

Zomanga thupi, kapena kuti mapuloteni, ziyenera kukhala 16 mpaka 18 peresenti ya chakudya chonse. Apa ndi pamene oweta ambiri amalakwitsa. Chimanga chili ndi mapuloteni 8 kapena 9 peresenti yokha, ndipo madeya ali ndi pafupifupi 10 peresenti. Nkhuku yodya madeya okhaokha imakhuta koma imasowa zopangira dzira. Mapuloteni ambiri amapezeka mu soya, amene ali ndi 36 mpaka 40 peresenti, mu nsomba zouma monga usipa ndi matemba, zimene zimaposa 50 peresenti, mu keke ya mpendadzuwa yotsala poyenga mafuta, ndiponso mu chiswe, ngumbi, ziwala, mphutsi ndi nyongolotsi.

Kashiamu ndiye amapanga chigoba cha dzira. Chigoba chimodzi chili ndi kashiamu wolemera pafupifupi magalamu 2, ndipo poti thupi siligwiritsa ntchito yense amene nkhuku yadya, nkhuku yoikira tsiku ndi tsiku imafunika kudya magalamu pafupifupi 4 patsiku. Dzira limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike, ndipo maola pafupifupi 20 mwa amenewa ndi opanga chigoba, makamaka usiku. Kashiamu akasowa m'chakudya, thupi limamutenga m'mafupa, ndipo nkhuku imafooka miyendo. Amapezeka mu laimu wa ziweto, zigoba za nkhono, zigoba za mazira ndi mafupa owotcha.

Mavitamini amachokera ku masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa ndi chammwamba. Masambawa ndiwonso amachititsa kuti gawo lachikasu la dzira likhale lachikasu kwambiri. Chimanga choyera, chimene anthu ambiri amalima, sichipereka mtundu umenewu, pamene chimanga chachikasu ndi cha olenji chimapereka.

Madzi ndi ofunika kuposa zonse chifukwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zam'kati mwa dzira ndi madzi. Nkhuku imamwa madzi olemera kawiri kuposa chakudya chimene yadya, ndiye kuti pafupifupi kota ya lita patsiku, ndipo kukatentha imamwa kuposa pamenepo. Ikakhala tsiku limodzi osamwa, kaikiridwe kamatha kusokonekera kwa masiku angapo.

Nkhuku ilibe mano. Chakudya chimayamba chasungidwa m'chithokomiro, kenaka chimaperedwa mu nthutumba mothandizidwa ndi timiyala timene nkhuku imameza. Nkhuku zoyenda zimatola timiyalati zokha, koma zotsekeredwa m'khola ziyenera kuikiridwa mchenga wa miyalamiyala ngati zikudya chimanga chosagaya.

Dzinja

Mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala ndipo imatha mu Malichi kapena Epulo. Kwa nkhuku yoyenda pabwalo, ino ndi nyengo ya mapuloteni ndi mavitamini. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimatuluka, nyongolotsi zimakwera pamwamba pa nthaka, ziwala ndi mbozi zimachuluka, ndipo udzu wanthete ndi bonongwe zimamera paliponse. Mango akugwa mumtengo nawonso amadyedwa. Nchifukwa chake m'nyengoyi mazira a nkhuku zachikuda amakhala achikasu kwambiri m'kati.

Chimene chimasowa ndi chakudya chopatsa mphamvu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zitatha ndipo chimanga chimakwera mtengo pamsika. Mabanja ambiri amasiya kukonola n'kumagayitsa mgaiwa kuti chimanga chisawonongeke, choncho madeya sapezeka. Ochepa amene alipo amalimbirana ndi oweta nkhumba, ng'ombe zamkaka ndi nsomba, komanso ophika kachasu. M'zaka za njala yaikulu, monga 2002, anthu enieniwo anadya madeya. Ngakhale makombo a nsima ndi nkhoko za mumphika zimachepa m'miyezi imeneyi.

Motero m'dzinja woweta nkhuku zoyenda safunika kutaya ndalama pa soya kapena nsomba zambiri. Chofunika ndi madeya kapena chimanga chogaya chodzaza dzanja limodzi pa nkhuku iliyonse patsiku, magalamu pafupifupi 40 mpaka 50, chimene chinasungidwa nthawi yokolola. Kumadera a m'mbali mwa nyanja monga Nkhata Bay ndi Nkhotakota, kumene chinangwa ndi chakudya chachikulu, makaka osinja amatha kulowa m'malo mwa gawo lina la chimanga. Chinangwa chowawa chiyenera kuviikidwa ndi kuyanikidwa kaye ngati momwe amachitira pokonza kondowole, chifukwa chachiwisi chili ndi poizoni. Makaka ali ndi mapuloteni ochepa kwambiri, ndiye amathandiza m'dzinja pamene tizilombo tilipo kusiyana ndi nyengo zina.

Zinthu zimasintha ngati nkhuku zatsekeredwa. Anthu ena amatsekera nkhuku nthawi yodzala kuti zisafukule mbewu, ndipo m'matauni nkhuku zimakhala m'khola chaka chonse. Nkhuku yotsekeredwa sipindula ndi tizilombo ta m'dzinja pokhapokha munthu atatibweretsa. Masamba amamangidwa mtolo n'kupachikidwa m'khola kuti asapondedwe.

Vuto lina la dzinja ndi chinyezi. Chakudya chonyowa chimachita nkhungu msanga, ndipo pansi pa khola pakanyowa pamaswana tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Nyongolotsi ndi tizilombo tina timene nkhuku imadya timanyamulanso mazira a njoka za m'mimba. Nkhuku ya njoka za m'mimba imadya kwambiri koma imaonda, choncho alangizi a ziweto amalimbikitsa kupereka mankhwala a njoka m'nyengoyi.

Masika

Kuyambira Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni ndi nthawi yokolola. Pabwalo pamatayika chimanga potonola ndi popeta, kuchigayo kumachokera madeya ambiri, ndipo pamene amayi akusinja kapena kuyanika mphale nkhuku sizichoka. Mtedza, nyemba ndi soya zimagweranso pansi pomenya. Iyi ndi nyengo yokhayo imene nkhuku zoyenda zimakhuta popanda wozipatsa.

Koma mvula ikatha tizilombo timayamba kuchepa, ndipo chakudya cha nkhuku chimapendekera ku chimanga. Nkhuku yodya chimanga chokhachokha imanenepa, mafuta amadzaza m'mimba, ndipo kaikiridwe kamatsika. Woweta amadabwa kuona nkhuku zonona koma zisa zopanda mazira. M'masika chowonjezera chiyenera kukhala soya wokazinga, nsomba zosinja ndi kashiamu, osati madeya enanso.

Masika ndi nthawinso yokonzekera chaka chonse, chifukwa chimanga, madeya ndi soya zimatsika mtengo. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Nkhuku 10 za m'khola zimadya makilogalamu 1.2 patsiku, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 limatha masiku pafupifupi 40, ndipo pachaka pamafunika matumba pafupifupi 9. Nkhuku 10 zachikuda zoyenda, zopatsidwa magalamu 50 iliyonse patsiku, zimafuna makilogalamu 15 pamwezi, ndiye kuti miyezi inayi ya njala imafuna makilogalamu 60. Woweta amene sanasunge zimenezi mu Meyi amakakamizika kugula mu Januwale pamtengo wokwera, kapena kugulitsa nkhuku zitaonda.

Masamba nawonso amasungidwa m'nyengoyi. Monga momwe amayi amafutsira nkhwani ndi chitambe, masamba a chammwamba, bonongwe, kholowa ndi chigwada amayanikidwa n'kusinjidwa kuti adzagwire ntchito m'malimwe. Kuyanika pamthunzi kumasunga mavitamini ndi kubiriwira kwake. Chigwada chokha chiyenera kuuma bwinobwino chisanaperekedwe, chifukwa kuuma ndiko kumachepetsa poizoni wake.

Chisanu

Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira, makamaka kumalo okwera monga Dedza, Ntcheu, Mzimba ndi Nyika. Ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre kumabwera chiperoni, mvula yamawawa yotsagana ndi nkhungu ndi mphepo yozizira. Nkhuku imakhala bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kukazizira kuposa pamenepa imagwiritsa ntchito gawo lina la chakudya pofunditsa thupi, choncho imadya kwambiri. Oweta ambiri amawaza chimanga chochepa chosweka madzulo kuti nkhuku zigone chithokomiro chili chodzaza. Kutchinga mbali ya khola yochokera mphepo ndi mphasa kapena matumba kumapulumutsanso chakudya, bola mpweya uzilowa pamwamba.

M'chisanu usana umafupika. Ku Lilongwe usana wautali kwambiri, mu Disembala, umafika pafupifupi maola 13, pamene mu Juni umakhala maola 11 ndi mphindi pafupifupi 20. Kusiyana kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi maiko a ku Ulaya, komabe nkhuku za haibulidi zimaikira bwino zikamaona kuwala maola 14 mpaka 16 patsiku. Oweta ena amayatsa babu kapena nyali ya sola m'khola kwa maola awiri kapena atatu madzulo. Kuwalako kumathandiza thupi kupitiriza kupanga mazira komanso kumapatsa nkhuku nthawi yowonjezera yodyera. Nthawi yoyatsa ndi yozimitsa iyenera kukhala yomweyo tsiku lililonse.

Nkhuku zimene zaikira chaka chathunthu zimathothoka nthenga n'kumera zina, ndipo kufupika kwa usana ndi chimodzi mwa zinthu zoyambitsa zimenezi. Pa nthawiyi zimasiya kapena kuchepetsa kuikira kwa milungu ingapo, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu. Nthenga zimapangidwa ndi mapuloteni pafupifupi zonse, choncho nkhuku yothothoka nthenga imafuna soya ndi nsomba zochulukirapo. Kuimana chakudya chifukwa choti siikuikira kumangotalikitsa nthawi yoti ibwererenso pachisa.

Udzu umakhala utayamba kuuma, koma m'madimba mumakhala ndiwo. Masamba akunja a kabichi, repu, mpiru ndi chainizi amene ogulitsa amataya pamsika ndi abwino kwa nkhuku ngati sanaole ndipo sanapoperedwe mankhwala posachedwa.

Malimwe

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndi nyengo yovuta kwambiri kwa nkhuku zoikira. Nthaka imauma, nyongolotsi zimalowa pansi, udzu umatha ndipo moto wolusa umapsereza tchire limodzi ndi tizilombo take. Zotayika za nthawi yokolola zimakhala zitatoledwa kale. Nkhuku zoyenda zimatha tsiku lonse zikupalasa fumbi osapeza chokwanira. Pano woweta ayenera kuwonjezera zonse: zopatsa mphamvu, zomanga thupi, masamba ouma ndi kashiamu.

Kutentha kumafika pachimake mu Okutobala ndi Novembala. Ku Chikwawa ndi Nsanje kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Karonga kumatenthanso kwambiri. Nkhuku situluka thukuta. Ikamva kutentha imayasamula kukamwa n'kumapuma mwawefuwefu, imatambasula mapiko, ndipo imachepetsa kudya. Kupuma kotereku kumasintha magazi m'njira imene imasokoneza kapangidwe ka chigoba. Ndiye chifukwa chake mazira a mu Okutobala amakhala aang'ono ndi osachedwa kusweka, ngakhale laimu ali m'chakudya.

Njira zothandiza ndi izi. Chakudya chiperekedwe m'mamawa kusanatenthe ndi madzulo dzuwa litapepa, chifukwa kugaya chakudya kumawonjezera kutentha m'thupi. Madzi aikidwe pamthunzi ndi kusinthidwa kawiri kapena katatu patsiku, poti nkhuku imakana madzi ofunda. Phale kapena mphika wadothi umasunga madzi ozizira kuposa chitini. Popeza nkhuku ikudya pang'ono, chochepa chimene yadyacho chikhale cha mapuloteni okwanira, osati madeya ochuluka. Zigoba za nkhono kapena laimu wa timiyalamiyala ziperekedwe madzulo m'chiwiya chapadera, kuti kashiamu akhalepo usiku pamene chigoba chikupangidwa. Denga la malata likhoza kuphimbidwa ndi udzu.

Chiswe chimapezeka ngakhale m'malimwe, ndipo pali njira yochikolera. Mumphika wakale mumaikidwa ndowe youma, zitsononkho ndi mapesi oduladula, n'kuwazamo madzi pang'ono. Mphikawo umavundikiridwa pamalo pamene pali njira ya chiswe, pafupi ndi chulu, n'kuphimbidwa kuti usatenthe. M'mawa mwake kapena patapita masiku awiri mumapezeka chiswe chimene chimakhuthulidwa pamene pali nkhuku. Mphikawo uyenera kuikidwa kutali ndi nyumba ndi nkhokwe.

Kusakaniza chakudya pakhomo

Chakudya chogula cha nkhuku zoikira chimatchedwa layers mash ndipo chimakhala ndi zonse zofunika. Vuto lake ndi mtengo, chifukwa pa ulimi wa nkhuku za mazira chakudya ndicho chimadya ndalama zambiri kuposa china chilichonse. Anthu ena amasakaniza layers mash ndi madeya kuti thumba lichedwe kutha, koma kutero kumachepetsa mapuloteni ndi kashiamu, ndipo mazira amatsika.

Woweta akhoza kupanga chakudya chake. Chitsanzo cha makilogalamu pafupifupi 10, okwanira nkhuku 10 za m'khola masiku 8, ndi ichi:

Chimanga chogaya mokhakhala, makilogalamu 4.5
Madeya ouma, makilogalamu 2
Soya wokazinga ndi kugaya, makilogalamu 2
Usipa kapena matemba osinja, magalamu 500
Laimu wa ziweto kapena zigoba za nkhono zosinja, magalamu 800
Mafupa owotcha ndi kusinja, magalamu 100
Mchere, magalamu 30
Premix wa nkhuku zoikira, monga mwa malangizo a pa paketi

Chakudya chotere chimakhala ndi mapuloteni pafupifupi 16 peresenti. Zinthu zochepa monga mchere ndi premix zimayamba zasakanizidwa ndi madeya pang'ono, kenaka n'kuphatikizidwa ndi zonse, kuti zisaunjikane malo amodzi.

Soya sayenera kuperekedwa wamuwisi. Ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo zimatha ndi moto. Amakazingidwa mpaka atasintha mtundu pang'ono ndi kusiya fungo lauwisi, koma osapserera. Nandolo, khobwe ndi nyemba nazonso ziyenera kuphikidwa kapena kukazingidwa. Nsomba zisapitirire 5 peresenti chifukwa zikachuluka mazira amamveka fungo la nsomba, ndipo ngati zinathiridwa mchere poyanika, mchere wina usawonjezedwe. Zogumuka za usipa zotsala pansi pa dengu zimagulitsidwa motchipa ndipo zimagwira ntchito chimodzimodzi ngati zilibe mchenga wambiri. Ufa wa masamba, makamaka a lukina, usapitirire 5 peresenti.

Zigoba za mazira zimawiritsidwa kapena kukazingidwa n'kusinjidwa zisanabwezedwe kwa nkhuku. Zikaperekedwa zosasinja nkhuku zimaphunzira kujompha mazira m'chisa, ndipo khalidweli limavuta kulisiyitsa.

Chakudya cha nkhuku zoikira si cha anapiye kapena misoti yosayamba kuikira, chifukwa kashiamu wochuluka amawononga impso zawo. Anapiye amadya chick mash, misoti imadya growers mash, ndipo layers mash imayambidwa msoti ukatsala pang'ono kuikira. Posintha chakudya, chatsopano chimasakanizidwa ndi chakale pang'onopang'ono kwa mlungu umodzi.

Kasungidwe ndi zoyenera kupewa

Chimanga chimanyowetsedwa chisanakonoledwe, choncho madeya amachokera kuchigayo ali ndi chinyezi. Akangothiridwa m'thumba amatentha, kuumbana ndi kuchita nkhungu m'masiku ochepa. Ayenera kuyanikidwa padzuwa mpaka ataumiratu, kenaka matumba ake aikidwe pa thandala, osagunda pansi kapena khoma. Madeya alinso ndi mafuta amene amayamba kununkha akakhalitsa, motero chimanga chosagaya chimasungika nthawi yaitali kuposa madeya. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amateteza kwa anankafumbwe popanda mankhwala. Chakudya chosakaniza kale ndi bwino kuchimaliza pasanathe mwezi.

Anthu ambiri amapatsa nkhuku chimanga choola ndi mtedza wosankhidwa kuti ndi woipa. Zimenezi zimakhala ndi chuku, poizoni wochokera ku nkhungu amene amawononga chiwindi, kuchepetsa mazira ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Chuku sichitha ndi kuphika kapena kukazinga, ndipo china chimatha kufika m'mazira amene anthu amadya.

Zina zosayenera kupatsa nkhuku ndi mbewu yogula yopakidwa mankhwala, kalongonda wamuwisi, masamba, makoko ndi nthangala za mapeyala, makoko obiriwira a mbatata ya kachewere, ndiponso ndiwo zotsala za mchere wambiri. Keke ya thonje ikachuluka imasintha mtundu wa m'kati mwa dzira. Laimu womangira kapena wopakira nyumba amawotcha kukhosi ndipo si wofanana ndi laimu wa ziweto.

Zizindikiro za kuperewera kwa chakudya

Nkhuku imaonetsa yokha chimene ikusowa. Zigoba zopyapyala kapena mazira ofewa opanda chigoba zimasonyeza kusowa kashiamu, kutentha kwambiri kapena matenda. Mazira aang'ono ndi ochepa amasonyeza kusowa mapuloteni kapena madzi. M'kati mwa dzira mukatuwa ndiye kuti nkhuku sizikudya masamba. Kuzulana nthenga ndi kujomphana kumayamba chifukwa cha kusowa mapuloteni kapena mchere, ndiponso kuthithikana m'khola. Fupa la pachidali likamabaya pogwira, nkhukuyo yaonda.

Pofuna kudziwa ngati thadzi likuikira, woweta amagwira mafupa awiri a kumbuyo, m'mbali mwa potulukira dzira. Pakati pake pakalowa zala ziwiri kapena zitatu ndiye kuti likuikira. Pakalowa chala chimodzi chokha, lasiya.

Kadyedwe ndi matenda

Chakudya chabwino chimathandiza nkhuku kupirira matenda, koma sichiteteza ku chitopa, chimene ena amati chideru. Matendawa amabuka kwambiri m'malimwe, nthawi imene nkhuku zafooka kale ndi njala ndi kutentha, ndipo amatha kupha pafupifupi khola lonse m'masiku ochepa. Alibe mankhwala ochiza. Chitetezo chake ndi katemera, ndipo wofala kumidzi ndi wa I-2 amene amadonthezedwa m'diso miyezi inayi iliyonse. Woweta amene wasunga chakudya cha chaka chonse koma osatemera akhoza kutsala ndi matumba opanda wodya.

Utitiri ndi tizilombo tina toyamwa magazi timachepetsanso phindu la chakudya, chifukwa nkhuku yolumidwa usiku wonse imafooka ndi kuthawa chisa. Ziwiya zodyera ndi zomwera ziyenera kutsukidwa tsiku lililonse ndi kuikidwa pokwera pang'ono, molingana ndi msana wa nkhuku, kuti zitosi zisagweremo ndiponso chakudya chisatayike popalasa.

Kulinganiza chiwerengero cha nkhuku ndi chakudya

Zotola pabwalo zili ndi malire. M'mudzi nkhuku za makomo oyandikana zimadya pamalo amodzi, ndipo zikachuluka iliyonse imapeza zochepa. Nkhuku 8 zodya mokwanira zimapereka mazira ambiri kuposa 20 zogawana chakudya chomwecho, chifukwa nkhuku imayamba yasamalira thupi lake ndipo chotsala ndicho chimapita ku dzira.

Pachifukwa chimenechi oweta ambiri amachepetsa nkhuku miyezi ya njala isanafike. Atambala owonjezera, mathadzi okalamba ndi amene asiya kuikira amagulitsidwa kapena kuphedwa mu Disembala, pamene anthu akufuna nkhuku za Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndipo mtengo ndi wokwera. Kwa amene akufuna anapiye, tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10. Ndalama yochokera pa nkhuku zogulitsidwazo ikhoza kugula madeya ndi katemera wa zotsalazo mpaka chimanga chatsopano chitacha mu Epulo.